Mpichesi Umene Robson Anadula

Robson, mwamuna wa mwana wanga Mervis, anadula mpichesi wa malemu amuna anga. Ndayamba ndi dzina lake dala, chifukwa pamudzi pano anthu ayamba kale kuikhotetsa nkhaniyi. Ena ati mtengo unagwa ndi mphepo, ena ati unali wofumbwa, ena ati Elena wakalamba, wayamba kulongolola. Sunagwe wokha. Anaudula Robson, ndi nkhwangwa yanga yomwe, mwezi wa Julaye, ine nditapita ku Chinakanaka kukagula soda ndi mchere.

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kulemba ndimatha. Ndilemba zonse mmene zinayendera, kuti inu amene simuli a kuno, amene simunadye kanthu kwa Robson kapena kwa ine, muone nokha.

Amuna anga a Dominiko anali a ku Mozambiki, kuseri kwa phiri lathu la Mulanjeli. Nkhondo isanafike kwawo ankagwira ntchito kukhitchini kwa Mpwitikizi wina wa minda ya tiyi. Pothawa, anzawo ananyamula mawailesi, ena mbuzi, ena makina osokera pamutu. Iwo anafika kuno ndi malaya amodzi ndi njere za mapichesi zomanga m'kansanza. Atandifunsira, mayi anga anaseka mpaka kutsokomola, ati mwamuna wanji wobwera ndi zinthu zimene anzake amalavula. Koma anawalola, n'kuwapatsa malo kuseri kwa nyumba kuti adzale zolavulazo.

Mpichesi sukhalitsa ngati mango. Ukayamba kutopa, a Dominiko ankadzala wina kuchokera ku njere zake. Umene Robson anadula unali mdzukulu wa woyamba uja, ndipo ndi womaliza umene anadzala ndi manja awo, chaka chimene anayamba kudwala chifuwa. Anakumba dzenje atakhala pansi chifukwa mpweya unkawathera. Ine ndinkawapatsira manyowa.

Ndisanakwatiwe ndinkangodziwa chigumu ndi zitumbuwa, monga mtsikana aliyense wa kuno. Keke anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo sankati keke, ankati bolo, monga kwawo. Uvuni tinalibe, mpaka lero ndilibe. Ankathira mchenga wa kumtsinje pansi pa poto wamkulu, n'kukhazika kapoto kakang'ono mkati mwake, pamwamba lata, pa latapo makala. Moto wambiri pamwamba, pansi pang'ono chabe. Ine mtima unkandithamanga, ndinkafuna kutsegula ndione. Ankandimenya kadzanja.

“Elena, bolo ndi wamanyazi. Ukamusuzumira amakhala pansi.”

Amuna a pamudzi ankawaseka, ati mkamwini wa kwa Elena amatakasa mazira ngati mkazi. N'chifukwa chake tinkaphikira kuseri, pansi pa mpichesi pomwepo, iwo pa kampando kawo ka miyendo itatu, ine pa mphasa. Koma fungo silibisika. Madzulo anthu othyola tiyi akamabwerera, madengu ali kumsana, ankachedwa dala pamsewu, kufunsa madzi akumwa, kufunsa za odwala amene anachira kalekale. Omwe ankaseka aja ndi amene ankayamba kutambasula manja.

Chaka chathu chinkayenda ndi poto ameneyo. Chimanga chikakhwima m'munda tinkasinja chachiwisi n'kusakaniza ndi nthochi zakupsa kwambiri, zakuda makoko zimene ana amakana. Maungu akachuluka, nkhwani ine ndinkatendera, maunguwo iwo ankawaphika, kuwakanya, n'kuthira mu ufa, keke yake yachikasu ngati ya mazira ambiri pamene dzira ndi limodzi. Nthawi yozizira ankapala khungu la mandimu ndi kachidutswa ka lata kamene anaboola ndi msomali. Ngakhale mbatata, ngakhale chinangwa chopala, zonse zinalowamo mu poto uja. Chaka china anayesa nandolo. Imeneyo inakanika, anadya ndi galu, ndipo galuyo anasiyako.

Koma zonsezo zinali zongodikirira. Nthawi yeniyeni inali mvula zoyamba zikagwa, mapichesi akayamba kufiira mbali imodzi. Si aakulu ngati a m'sitolo ayi. Ndi ang'ono, mkati mwachikasu, pafupi ndi njere pofiira ngati pachilonda, ndipo ukaluma madzi amatsikira mpaka m'chigongono. Ambiri ankakhala ndi mphutsi. A Dominiko ankati mphutsi ndi mboni, sizilowa m'chipatso chosakoma. Ankasenda ndi kampeni kawo, kuchotsa powola, n'kuyala tizidutswa pansi pa kapoto, pa shuga ndi majarini, ufa wokanya pamwamba. Ikapsa ankatembenuzira kapotoko pa mbale, n'kugogoda ndi chala, n'kuyang'ana ine, osati mbale. Akakatukula, mapichesi aja ali pamwamba, ofiirira, akunyezimira, m'mphepete mwapsererako pang'ono. M'mphepetemo munali mwanga. Otsala tinkaphika jamu, kuthira m'mabotolo, kutseka ndi phula la kandulo. Mervis ankadya jamu ameneyo ndi chala, n'kumanama kuti ndi nyerere.

Atamwalira sindinasiye. Chaka chilichonse ndinkaphika pomwepo, kampando kawo kali pambali. Musandifunse chifukwa chake. Amene anaika mwamuna m'manda akudziwa.

Tsopano mumve za mpichesi zimene mwana aliyense wobadwira kuno amadziwa. Nthawi yozizira umavula masamba onse, n'kutsala mbee, ngati nkhuni zozika pansi. Sunafe, wagona. Ukakanda khungwa ndi chikhadabo umaona kubiriwira mkati. Koma Robson si wa kuno. Ndi wa ku Nchalo, kotentha, kwa nzimbe, kumene mpichesi sanauonepo chibadwire. Anakwatira Mervis chaka chatha mitengo ili ndi masamba, n'kumanga kanyumba kake kumunsi kwa yanga, monga amachitira mkamwini.

Sindinama, si waulesi. Ndi wolimbikira mpaka kutopetsa. Mkamwini watsopano amafuna aoneke, ndiye uyu ankachita kunyanya. Denga la khitchini anafolera, khola anakonza, msewu wa kuchimbudzi analambula mpaka unakula ngati wa galimoto. Akaona chinthu chaima osagwira ntchito, manja amamuyabwa.

Ine ndi iye sitinkalankhulana. Si udani, ndi ulemu wa kwathu. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, satchulana maina, sakhala pa mphasa imodzi. Tikakumana panjira, iye ankalowa mu nandolo, ine ndinkapatukira uku, nsalu kukamwa. Mawu onse ankadutsa mwa Mervis. Mayi anga anakhala ndi a Dominiko pakhomo limodzi mpaka imfa osawalankhula ngakhale kamodzi, koma keke yawo ankadya, akamaliza n'kunena kwa ine, ati ukawauze kuti shuga anachepa. Ndi mmene tinakulira, ndipo pakhomo pankakhala bata.

Sabata imeneyo kunali chiperoni, kamvula kaja kosalekeza, kozizira mpaka m'mafupa. Nkhuni zanga zonse zinanyowa. Ndinadandaula kwa Mervis kuti mawondo akundipweteka ndipo moto ukungofuka. Ndinauza mwana wanga, osati mwamuna wake. Koma Mervis anakanena, ndipo Robson anayang'ana uku ndi uku pakhomo, n'kuona mtengo wopanda tsamba ndi limodzi lomwe uli chiimire kuseri kwa nyumba ya apongozi ake.

Kufunsa sakanandifunsa, mwambo sulola. Mervis anali atapita kumjigo. Robson anatenga nkhwangwa.

Ndikubwera ku Chinakanaka ndinamva kugogoda ndili pamsewu. Ndinkayesa ndi kwa aneba. Nditakhota pakona ya nyumba ndinamuona, malaya atavula, nkhwangwa ili m'mwamba, tsinde atalidya kupitirira theka. Nayenso anandiona. Mukudziwa chimene anachita? Anaponya nkhwangwa pansi, anatola malaya, n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ulemu. Apongozi asamuone chifuwa.

Mtengo unayamba kupendekera kumunsi, ukulira pang'onopang'ono podulidwa paja. Ndinataya jumbo, ndinathamanga, ndinaugwira ndi manja awiri, n'kuikapo phewa. Unali usanaduke wonse. Khungwa la mbali imodzi linali lolumikizana, ndipo ndinaonapo a Dominiko akupulumutsa nthambi yothyoka poimanga ndi luzi n'kumata dothi. Chimene chinkafunika ndi mphanda yochirikiza basi, ndipo mphanda zinali pomwepo, zotsamira nkhokwe, pafupi ndi mapazi a munthu amene anabisalayo. Mapaziwo ndinkawaona pansi pa nkhokwe, ali mu nkhwaira zake za matayala.

Ndinaitana Mervis. Ndinaitananso, mpaka mawu anasasa. Kumjigo ndi kutali, ndipo akazi akakhala kumeneko samva ngakhale bingu. Ndinalankhula kwa nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo, mokweza, kuti pakhomo pano pakanakhala munthu wa maso akanabweretsa mphanda. Mapazi aja anasuntha pang'ono, n'kubwereranso. Pambuyo pake Robson anauza Mervis kuti anamva, koma anaopa kufika pafupi ndi ine, mapewa athu akanagundana. Ndiye anaima pomwepo, ine ndili ndi mtengo paphewa, kamvula kakundilowa m'khosi, soda wanga akusungunuka m'matope.

Ndine nkhalamba ya mawondo otupa. Manja anachita dzanzi, phazi linaterereka, ndinalekerera. Unagwa khuu, khungwa lija linang'ambika mpaka pansi, ndipo nthambi ina inaphwanya kampando ka a Dominiko.

Mervis atafika n'kuona, anatula ndowa. Anakanda kanthambi ndi chikhadabo, n'kupita nako kuseri kwa nkhokwe kukamuonetsa mwamuna wake kubiriwira kwake. Ndinamva akunong'onezana. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mawa lake ndinapeza nkhuni zitasanjidwa bwinobwino pakhomo pa khitchini yanga, zodula mofanana, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Kaya Robson ankati popeza wagwa kale, bola apongozi aothe. Sindinakhudze ndi imodzi yomwe. Ndinkazilambalala. Ndiye kutayamba kufunda, mulu uja unachita maluwa. Inde, nkhuni zodula, zopanda mizu, zinatulutsa maluwa ofiirira aja pakhomo pa khitchini, njuchi n'kumabwera. Mtengo sunadziwe kuti unafa. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana mpaka anafota okha.

Mwina mukuti bwanji osadzala wina. Ndi njere ziti? Ndani amasunga njere mtengo uli moyo, ukubereka? Za chaka chatha ana anaswa ndi miyala. Mipichesi imene a Dominiko anagawira anthu inatha kale, ina inauma, ina anaotchera njerwa. Mapichesi ena alipo ku Likhubula, oyera mkati, olimba ngati mbatata yaiwisi. Si amenewo.

Ndinatumiza mawu kwa achimwene anga a Morris ku Nkando, amene ndi nkhoswe ya ukwati wa Mervis. Ndinati abwere, aitanenso a kwa Robson, munthu wawo adzamutenge. Kuno nyumba ndi ya mkazi, mkamwini akalakwa amanyamula chikwama chake. Mervis anabwera kudzandigwadira, ali ndi pakati pooneka kale. Anandikumbutsa kuti Robson anatchinga chitsa chija ndi minga, anachimata dothi pamwamba, ndipo amachithirira m'mawa uliwonse asanapite kuganyu. Ndinati azithirira manda a bambo ako omwe, mwina adzuka. Analira. Mawu amene ndinatumiza kwa a Morris sindinawabweze.

Tsiku la mlandu anakhala pabwalo, pansi pa mango. A Morris uku, amalume ake a Robson a ku Nchalo uko, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, Robson kumbuyo kwawo atazolika. Mervis anakhala ndi akazi anzake chapatali, mapazi otupa atawongola. Ine ndinakhala pakhonde, kuseri kwa chipupa chachifupi, nditafulatira, monga ziyenera kukhalira.

Mawu ankayenda chonchi: Robson anong'oneze amalume ake, amalume ake auze a Morris, a Morris atembenuke auze ine, pamene tonse tinali malo oti munthu akayetsemula wina amva malovu. Amalume aja anali odziwa kulankhula. Anapepesa kwa nthawi yaitali, anatchula Mulungu, anatchula chibale cha Chikwawa ndi Mulanje. Kenako anati iwo ndi okonzeka kubweretsa mbande za mango amakono, obereka msanga, zingapo, m'malo mwa kamtengo kamodziko.

Kamtengo. Ndinaluma nsalu.

A Morris anatembenuka. “Achemwali, mwamva. Pakhomo ndi panu, mawu ndi anu. Azipita kapena akhale?”

Ndisanayankhe, Robson ananong'onanso. Amalume ake anamvetsera, anauza a Morris, a Morris anauza ine. Ati chikwama wamanga kale, sakana kupita. Ati chimodzi chokha amayi adziwe, ankafuna asazizidwe.

Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangoona ndaimirira, ndazungulira chipupa, ndadutsa pakati pa amuna awiri aja, ndaima patsogolo pake.

“Iwe Robson. Dzutsa mutu, undiyang'ane.”

Amalume aja anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Robson anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ndipo aka kanali koyamba kumuona nkhope bwinobwino. Ndi mwana. Ali ndi mpata pakati pa mano ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso anali ofiira.

“Wamanga chikwama kuti upite kuti? Udule, unyamuke, ukatafune nzimbe kwanu, ine nditsale ndi chitsa ndi mwana wapakati? Suchoka. Ukhala pompano. Uzithirira chitsacho mpaka chiphuke, chikule, chibereke. Ndidzaphika, udzadya, udzadziwa chimene unagwetsa. Ndipo tsiku lina ukadzaona munthu wasenza mtengo paphewa, kaya ndi mpongozi wako, kaya ndi bishopu, uzidzabwera ndi mphanda. Wamva?”

“Ndamva, amayi.”

“Nkhuni zakozo uchotse pakhomo panga.”

Mervis anayamba kuseka, kusekako kunasanduka kulira, akazi anzake anamugwira. Ine ndinabwerera pakhonde.

Amuna awiri aja anapita kuseri kukakambirana. Atabwera, a Morris anakonza kukhosi n'kunena kuti ukwati ulipo, mwini pakhomo wanena yekha. Za mtengo anati zatha, mwana wapepesa. Koma anati pali nkhani ina. Ati achemwali achita chinthu chosaoneka, kutchula mkamwini dzina, kumunena iwe, kumuyang'ana m'maso pamaso pa akuluakulu a kwawo amene ayenda ulendo wautali. Ati alendo achita manyazi, ndipo manyazi amenewo atsukidwe ndi nkhuku. Nkhukuyo ipereke ndine.

Ine. Mwini mtengo.

Nkhuku zanga zazikulu zinatha ndi chitopa, yatsala yoikira ndi imodzi, yamawangamawanga, imene mazira ake ndimaphikira. A Morris akuidziwa, anailoza ndi chibwano ikudutsa. Ndinati alendo akwere minibasi yawo, nkhuku ikhala. Anapita opanda kanthu, ndipo mpaka lero achimwene anga sakupondanso pakhomo pano. Amangotumiza mawu kuti mlandu wa nkhuku udakalipo. Kutchalitchi akazi amandisuzumira m'mbali. Za mpichesi palibe akunenanso, nkhani yonse ndi ya pakamwa pa Elena.

Robson ndiye wamasuka mopitirira. M'mawa uliwonse amaima pabwalo ndi ndowa yake n'kukuwa kuti mwadzuka bwanji amayi, ine osadziwa koika maso. Amandifunsa chilichonse tsopano, ngakhale udzu asanazule. Chitsa chatulutsa timphukira tofiira m'mbali, iye amabwera kudzandiuza ngati ine ndilibe maso. Kaya tidzakula, kaya mbuzi zidzadya, kaya ndidzakhala ndilipo, sindikudziwa.

Mvula zoyamba zagwa sabata yatha. Nthawi ngati ino ndikanakhala ndikusenda, manja akumata, mavu akuzungulira mbale. M'malo mwake ndinagula chinanazi pamsewu, ndinachidula mopyapyala, ndinayala pansi pa kapoto. Ndinaphikira pomwepo, pambali pa minga, padzuwa, popeza mthunzi kulibe. Robson anabwera kudzakhala chapatali n'kufunsa chifukwa chake makala ambiri ali pamwamba. Kenako anatambasula dzanja kuti atukule lata aone mkati. Ndinamumenya kadzanja. Inapsa bwino, Mervis anadya mbali yaikulu, ati mwana m'mimba akufuna. Ine ndinalawa m'mphepete n'kusiya. Chinanazi ndi chinanazi.

Dzulo a Morris atumizanso mawu, ati mwana asanabadwe nkhuku ikhale itapita ku Nchalo, apo ayi a kuchimuna sadzabwera kudzaona khanda. Mervis amangoyang'ana nkhuku ija, n'kuyang'ana ine.

Ndiye ndikufunsa inu amene mwawerenga mpaka pano. Ndinakhala chete monga anandiphunzitsa mayi anga, mtengo unagwa. Ndinatsegula pakamwa, ukwati wa mwana wanga unatsala, ndipo akuti ndilipe. Wodula sanalipe kanthu, wobisala kuseri kwa nkhokwe akumutcha waulemu. Musandiuze zoti pepani amayi, zimenezo ndamva zokwanira. Nkhuku imeneyi ipite kapena isapite? Ndipo ikapita, ikupita chifukwa ndinalakwa chiyani? Ndiyankheni.